Mayi Phee ndi Kadiso ka Pamwamba pa Chitseko

Pali anthu oti akalowa m'nyumba, ngakhale mphaka amadzuka kudzaona kuti wabwera ndani. Ndiye pali Mayi Phee. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a pafakitale yosoka mayunifolomu, ndipo ine sindiwaimba mlandu, chifukwa mayiwa akakhala pampando amakhaladi phee, moti ntchentche imatha kutera pamkono, kupuma, n'kunyamuka osadziwa kuti inali pa munthu.

Khalidweli anabadwa nalo. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, banja lonse linakwera basi pochokera kwa achibale, ndipo basi itayenda mtunda ndithu m'pamene amake anawerenga mitu ya ana n'kupeza kuti umodzi ukusowa. Atabwerera mitima ili m'mwamba, anamupeza mwanayo ali pabenchi pomwe anamusiya, akusoka kansanza ndi singano imene anatola pansi. Sanalire. Anangoti, "Ndimadziwa kuti mubwera." Kusukulu nako, aphunzitsi ankamulemba kuti sanabwere iye ali momwemo, pabenchi yachiwiri.

Munthu mmodzi yekha ndiye anawaona popanda wina womulozera. Ameneyo ndi amuna awo, dalaivala wa basi amene tsopano anapuma pantchito, ndipo m'dera lonse amadziwika kuti Awailesi, chifukwa pakamwa pawo palibe batani lozimitsira. Nkhani ya mmene anakumanirana amaisimba kwa mlendo aliyense, ngakhale wongofunsa njira.

"Basi yodzaza thothotho, aliyense akulongolola," amatero Awailesi. "Ine kuyang'ana pagalasi loonera kumbuyo, ndinaona mmodzi yekha amene sankalongolola. Ndinati ameneyu ndi wanga, nkhani zanga zapeza khutu."

Anabereka ana atatu, ndipo onse anatengera bambo awo. Mayi Phee amati m'nyumba mwawo phokoso linakwana kale, iwo sangawonjezerepo.

Pafakitale agwirapo zaka makumi atatu kuchotsapo chimodzi. Kachipinda kawo kali kumapeto kwa kanjira ka mkati, kupitirira holo ya makina osokera ndi chipinda chositira. Muli tebulo lalitali, mpando umodzi, chitsulo chopachikapo majekete chimene chimadutsa pakati pa chipinda, ndi kazenera kamodzi m'mwamba kosakwana ndi mutu wa munthu. Chovala chilichonse chisanalowe m'katoni chimayamba chadutsa m'manja mwawo. Amachitembenuza, kuyendetsa chala pamsoko, kukoka batani lililonse, kutsegula zipi n'kutsekanso. Pamene makina analumpha, iwo amasoka pamanja, ndipo ukabwera ndi magalasi ako sungaloze pamene asoka. Ngolo ya zovala imabwera m'mawa, ina ikatha nkhomaliro. Nthawi yotsalayo chitseko chimakhala chotseka.

Mayiwa alibe zonyadira zambiri, koma chimodzi ali nacho, ndipo amachigwira ndi manja awiri. Kupatula masiku amene anali kuchipatala kukabereka, sanajombepo kuntchito, sanachedwepo, sanathawepo dzuwa lili pamutu monga amachitira ena amene sinditchula maina. Kunali kutatsala chaka chimodzi kuti apume pantchito, ndipo ankafuna kutuluka pageti ndi mbiri imeneyo ili yoyera. Munthu amene anthu samuona amasamala kwambiri za mbiri yake, chifukwa ndi yokhayo imene imamulankhulira.

Kale pafakitalepa magetsi ankangothimathima. Makina amaima pakati pa msoko, holo yonse n'kufuula pamodzi, kenako jenereta n'kuyamba kubangula kuseri, utsi wa dizilo ukulowa m'mazenera. Anthu anazolowera kulankhulana mokuwa. Ndiye chaka chatha eni fakitale anaganiza zotenga magetsi kudzuwa, ndipo kunabwera mmisiri wa magetsi, mayi wamfupi wojintcha, lamba wa zipangizo m'chiuno, wokwera makwerero ngati akupita kuchipinda kwake. Tsiku loyamba lomwelo anthu anamupatsa dzina loti Amawaya.

Patatha milungu itatu denga lonse linali litadzaza mapanelo okoka mphamvu ya dzuwa, akunyezimira ngati mbale zotsuka kumene. Mabatire anawandandalika m'stolo. Pamwamba pa chitseko cha chipinda chilichonse anaikapo kanthu koyera kangati theka la dzira, ndipo osoka anakatcha kadiso. M'kanjira ka mkati anapachikamo sikirini yoonetsa mphamvu imene ikubwera kuchokera padenga, ndi timabokosi toimira zipinda: kobiriwira ngati muli anthu, kotuwa ngati mulibe.

Tsiku loyatsa linali la chisangalalo chokhachokha. Jenereta anaizimitsa, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu anamva njiwa zikuyenda pamalata. Mayi wina wa makina a zipi, pozolowera kukuwa, anamaliza nkhani yonse ya apongozi ake asanazindikire kuti holo yonse ikumva, ndipo anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ositasita anauzidwa kuti ntchito yawo yaikulu izikhala masana dzuwa likapsa, ndipo anayamba kudzitcha ana a dzuwa. Mtambo ukadutsa, manambala a pasikirini amatsika, anthu n'kuwuuza mtambowo kuti usunthe. Dzuwa likatulukanso ankaombera m'manja ngati timu yawo yagoletsa chigoli.

Abwana a pafakitalepa ndi munthu wamtali, wabwino mtima, koma wosakhazikika. Akapanda kuliza makiyi ndiye kuti akudina cholembera, akapanda kudina cholembera ndiye kuti akukanda m'khosi. Tsikulo anaima pabokosi n'kulankhula.

"Anzanga, magetsi sitimwazanso ngati kale. Dzuwali tizigawana mwanzeru. Kadiso mukukaonako n'kochenjera kuposa ine. Kakaona kuti pano magetsi sakufunika, kamazimitsa, mphamvuyo n'kupita kumakina kumene ikufunika kwambiri. Musakatsutse, kamadziwa chimene kakuchita."

Mayi Phee anaomba nawo m'manja, ndipo mawuwo anawasunga mumtima onse, osataya ndi limodzi lomwe.

M'mawa mwake analowa m'kachipinda kawo, babu n'kuyaka lokha asanagwire khoma. Anamwetulira. Anazungulira chitsulo cha majekete, kukhala pakona pawo chitseko chili kumbuyo, n'kutenga malaya oyamba. Patatha mphindi zisanu babu linazima. Anadikira kuti amve holo ikufuula monga kale, koma makina anali kulirabe bwinobwino. Atadzuka kuti akasuzumire, babu linayakanso. Anakhala pansi, ndipo patatha mphindi zisanu linazimanso.

Wina aliyense akanapita kukafunsa. Koma mayiwa anakhala mumdimamo n'kuyamba kulingalira, ndipo analingalira molakwika mwaulemu. Anati kadiso kaona. Kaona kuti singano ya pamanja sidya magetsi, pamene makina makumi anayi a muholo akudya. Kagamula kuti gawo lawo lipite kwa anzawo. Kodi abwana sananene kuti kasatsutsidwe? Zoti azidzukadzuka n'kumagwedeza manja kuti babu liyake anaona ngati kuba, ngati kulanda dzuwa pakamwa pa makina. Choncho anakokera mpando pansi pa kazenera kaja, kubweretsa nsalu pafupi ndi mphuno, n'kupitiriza ntchito. Safunsa anadya phula, akuluakulu ananena kale.

Chopweteka chinalipo pang'ono, sindibisa. Zaka zonsezi anthu ankawaiwala, tsopano ndi nyumba yomwe. Koma akamva makina akulira osaima ndi anzawo akuimba muholo, mtima unkakhala m'malo. Ankadziuza kuti m'kulira kwa makinako muli kagawo kawo.

Ndipo palibe akanadziwa. Wokankha ngolo akangotsegula chitseko, kadiso kamamuona iyeyo, babu n'kuyaka, iye n'kupeza Mayi Phee ali m'chipinda chowala bwino. Amapereka moni, kusiya zovala, kutseka chitseko. Mdima unkabwerera iye atafika kale kuholo.

Zinatero miyezi iwiri. Amene anazindikira ndi Awailesi. Lamlungu lina masana ali pakhonde, anapempha akazi awo kuti awasokere batani, ndipo anaona ulusi ukuphonya diso la singano kamodzi, kawiri, katatu. Nkhani imene ankasimba inathera pakamwa.

"Amayi, inu kuphonya singano? Tandiyang'anani. Maso afiira chonchi bwanji?"

Mayi Phee anafotokoza zonse m'mawu ochepa. Awailesi anadzuka, kukhala, kudzukanso.

"Miyezi iwiri mumdima! Ndiye inu chete? Chetechete sautsa nyama, akazi anga! Mawa ndikupita komweko, ndikakaone kadisoko maso ndi maso."

"Simupita."

"Chabwino, ndikumangirani chingwe kuchala cha kuphazi, kumapeto kwake baluni. Muzingogwedeza chala, baluni izivina, kadiso kazisangalala."

Mayi Phee anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedera. "Magetsiwo ndi a makina, bambo. Musiyeni mwini nzeru agawe."

Koma kufakitale nkhani inali itapsa kale mbali ina. Eni ake, poona kuti dzuwa likugwira ntchito, anafuna kuwonjezera mapanelo padenga la nyumba yosungira nsalu, ndipo mabatire atsopano anafunika malo. Abwana anayang'ana pakompyuta kuti aone chipinda chimene sichigwira ntchito kwenikweni. Kompyuta inayankha mosazengereza: kachipinda ka kumapeto. Kabokosi kake kamabiriwira mphindi zochepa m'mawa, pang'ono masana, pang'ono poweruka. Tsiku lonse lotsala, kotuwa. Sabata yomweyo sukulu ina inabweza malaya amodzi a msoko wolumpha pakhwapa, chinthu choti sichinachitikepo chiyambire.

Lachiwiri m'mawa abwana anabwera ndi Amawaya, tepi yoyezera ili m'manja. Anatsegula chitseko, babu linayaka, ndipo kuseri kwa majekete anapeza Mayi Phee ali pansi pa kazenera.

"Mwadzuka bwanji, mayi?" anatero abwana, makiyi akulira. "Tapeza mwayi kuti lero mulipo."

"Ndadzuka bwino, bwana. Ndimakhalapo masiku onse."

Abwana anakanda m'khosi. Anatulutsa pepala lodzaza timabokosi totuwa, naika malaya obwezedwa aja patebulo. Analankhula mwaulemu, koma ulemu wake unali wopweteka kuposa mbama. Anati akudziwa kuti munthu akakula amatopa, mwinanso kunyumba kuli mavuto, ndipo ngati pali kumene amapita masana, angonena. Anati chipindachi chikufunika mabatire, poti nthawi zambiri mumakhala mopanda munthu.

Mayi Phee anatenga malayawo, kuyang'ana pakhwapa, ndipo manyazi anawagwira mpaka m'makutu. Msokowo unali wolumphadi, ndipo unadutsa m'manja mwawo. Koma zoti amathawa ntchito, zimenezo mtima unakana. Zaka makumi atatu kuchotsapo chimodzi zinali kufufutidwa ndi pepala limodzi, iwo akuona. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kwa nthawi yoyamba chilowereni pafakitalepo, anayankha abwana ndi mawu opitirira khumi.

"Bwana, malayawa ndalakwitsa ndine, sindikana. Sindinaone bwino chifukwa cha mdima. Koma pampando pano sindichoka. Kadisoka kamandizimitsira magetsi kuti apite kumakina, ndipo ine sindikatsutsa, monga munanenera."

"Mdima uti, mayi? Si uku kukuwala?"

"Dikirani mphindi zisanu. Muzima."

Anadikira. Abwana anatsamira tebulo, kuyang'ana wotchi, kudina cholembera, kuthamangitsa ntchentche, kuyankha foni, kubwezera foni m'thumba, kuitulutsanso. Mphindi zisanu zinatha, babu lili ngwee. Zinatha khumi, lili ngwee. Mayi Phee anayang'ana babulo ngati mnzawo amene wawakana pabwalo la milandu.

Amawaya nthawi yonseyi maso awo ankayenda kuchokera pa kadiso, kupita pachitsulo cha majekete, kukafika pampando umene unali pansi pa kazenera m'malo mokhala patebulo. Kenako anayang'ana manja a Mayi Phee, amene ngakhale pa nthawi yovutayi anali atayamba kale kusoka pakhwapa paja, zala zokha zikuyenda, chigongono chili phee.

"Bwana," anatero Amawaya, "inu mukakhala muno babu ili silingazime mpaka chaka chamawa. Tiyeni panja. Achemwali, inu pitirizani ntchito monga mwa masiku onse."

Anamukoka bwanayo dzanja, kutuluka naye, kutseka chitseko. Kenako Amawaya anagwada m'kanjiramo n'kuloza kampata ka pansi pa chitseko, pamene kuwala kunkatulukira ngati kamzere.

"Yang'anani apa. Chitseko ndi chimodzi chomwechi, ndipo mwawasiya mkati ndi maso anu."

Abwana anagwada, tayi ikukhudza simenti. Ositasita poona bwana wawo atagwada pakhomo anasiya nsimbi n'kubwera. A muholo nawo anazimitsa makina mmodzimmodzi, mpaka kanjira konse kanadzaza anthu osuzumira pansi pa chitseko, ena osadziwa n'komwe chimene akuyang'ana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi yachinayi inadutsa. Yachisanu itakwana, kamzere kaja kanazima, ndipo pasikirini kabokosi ka kumapeto kanasanduka kotuwa.

Amawaya anakweza dzanja kuti asatsegule msanga. Anadikira mphindi zina khumi ndi zisanu, ndipo abwana amati m'moyo wawo wonse sanakhalepo malo amodzi nthawi yaitali choncho. Atatsegula, babu linayaka, ndipo Mayi Phee anali pomwe paja, akuphethira ndi kuwalako. Pamwendo pawo panali malaya obwezedwa aja atakonzedwa, ndi ena anayi opindidwa bwino.

"Mayi," anatero abwana, mawu atatsika, makiyi ali zii, "miyezi iwiri yonseyi?"

"Makina sanaime, bwana. Ndimamva."

Amawaya anakhala pansi pasimenti n'kuseka mpaka misozi, koma misozi inayo sinali ya kuseka. "Achemwali anga, achemwali anga! Kanthu aka sikadziwa ntchito, sikadziwa makina, sikadziwa kanthu. Kamangoona chimene chikugwedezeka basi. Mbuzi italowa muno kangaiyatsire magetsi tsiku lonse. Babu lanuli silidya ndi theka la zimene nsimbi imodzi imadya. Dzuwa lili padengapa ndi lanu lomwe. Wolakwa ndine, ndinaika kadiso pakhomo osafunsa kuti mwini chipinda amakhala pati."

Abwana anapinda pepala lija kanayi n'kuliika m'thumba. Anapepesa pamaso pa anthu onse, mosabisa mawu, ndipo ananena kuti mabatire akapita m'kanyumba ka jenereta, poti mwini wake masiku ano amangogona. Mayi wa makina a zipi anakuwa, mwachizolowezi chake, kuti iye ankadziwa kale kuti Mayi Phee sangathawe ntchito chifukwa kuthawa kumafuna kuthamanga. Anthu anaseka mpaka ena kutsamira khoma.

Tsiku lomwelo Amawaya anachotsa kadiso ka pakhomo. Pamwamba penipeni pa tebulo anaikapo kena, kamene kamaona ngakhale chala chikasuntha, ndipo pambali anamangirira nyale yaing'ono yopindika khosi yowalitsa pansalu. Mayi Phee anabwezera mpando pamalo pake. Anakhala. Anatenga jekete. Mphindi zisanu zinakwana, mapewa awo anakonzekera mdima okha, koma kunali kowalabe. Zinakwana khumi. Ankaona ulusi uliwonse wa nsaluyo pawokhapawokha, monga ankaonera ali mtsikana. Ndiye anaseka, mokweza, yekhayekha m'chipinda, moti wokankha ngolo amene ankadutsa anaima n'kubwerera kukauza anzake kuti wamva chinthu chachilendo.

Kuyambira pamenepo kabokosi ka kumapeto kamabiriwira kuyambira m'mawa mpaka poweruka, osaphethira. Timabokosi tina timasinthasintha, ka ofesi ya abwana ndiye osanena. Osoka akamadutsa pasikirini amayang'ana kaye dzuwa kuti lalowa lochuluka bwanji, kenako amayang'ana pakona n'kunena kuti, "Mayi Phee alipo."

Lachisanu la sabata yomweyo Awailesi anakana kuletsedwa. Anafika pageti nthawi yoweruka isanakwane, atavala malaya ositidwa, ndipo anamulankhula mlonda mpaka mlondayo anawalowetsa kuti makutu ake apume. Anafunsa kuti chinthu chija chili kuti. Atawalozera, anaima patsogolo pa sikirini, manja kumbuyo, n'kupeza kabokosi ka pakona kali biriwiri. Anthu amene analipo amalumbira kuti bamboyo anakhala mphindi yathunthu osatulutsa liwu.

Belu litalira, chitseko cha kumapeto chinatseguka, Mayi Phee n'kutuluka ndi kachikwama kawo. Anaima pambali pa amuna awo, onse awiri akuyang'ana kabokosiko.

"Mwakaona, bambo? Tsopano kamandiona."

Awailesi anapukuta m'maso ndi chala chachikulu.

"Kachedwa," anatero. "Mawaya onsewa, mapanelo denga lonse, kuti kakuoneni pakutha pa miyezi iwiri. Ine ndinakuonani tsiku loyamba, pakagalasi kosweka, ndikuyendetsa basi."

"Ndikudziwa," anatero Mayi Phee, n'kuwapatsa kachikwamako kuti anyamule. "Ndinaona kuti mukuyang'ana."